Nyumba Imene Inkayankha

9 Malichi

Amake mwana,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mzime wathu kusukulu yake yogonera komweko. Ine kuno ndilipo. Kachifuwa kaja kokha ndi kamene kakukana kusamuka, koma ndi fumbi la simenti basi, musade nkhawa.

Ndaganiza zolemba chifukwa pa foni timangokangana, mayunitsi n'kutha tisanamvane. Zimene munanena Lamulungu zandisowetsa mtendere. Mukuti mwatulutsa zofunda m'nyumba yaikulu, mukugona m'kakhitchini kakale kuseri? Ndiye mukuti zikapitirira mubwerera kwa amayi anu, nyumbayo tiikemo anthu a lendi? Amake mwana, nyumba imene yandipinditsa msana zaka zonsezi! Matailosi aja ndinachita kusankha ndekha, onyezimira ngati mbale zatsopano. Denga ndinauza amisiri alikweze kuti wodutsa pamsewu azidziwa kuti mwini wake anayenda. Lero inu mukuti nyumbayo imakuyankhani. Mukatsokomola nayonso imatsokomola. Mukaika kapu patebulo, kuchipinda kumamveka ngati wina waikanso yake. Ndinaseka paja, inu n'kudula foni. Pepani kusekako, komabe ine ndikuti nyumba siyankha munthu.

Kuno tayamba ntchito yatsopano. Tikumanga nyumba yosungiramo nkhalamba zimene ana awo alibe mpata wozisamala. Inde, zimenezi kuno ziliko. Ine ndili pa ntchito yanga yomwe ija ya pulasitala. Wojambula mapulani a nyumbayi ndi mayi wina wamfupi, wa imvi mutu wonse, ndipo amisirife tamupatsa dzina loti Mayi Makutu. Ena ojambula mapulani amabwera ndi nsapato zopukuta, n'kuloza apa ndi apo, n'kubwerera ku galimoto. Uyu ayi. Amalowa m'chipinda chosatha, n'kutseka maso, n'kuwomba m'manja kamodzi, phwa! Kenako amangoima, mutu atapendeka ngati nkhuku yamva kabawi. Matabwa akabwera amayamba wawanunkhiza. Pansi amayendapo atavula nsapato. Kapitawo wathu amamusiya atembenuke kaye, ndiye n'kumazunguza chala pafupi ndi khutu.

Dzana Mayi Makutu anandipeza pa nsanja. Akuti, "Bambo, khoma mwapakali, mukaligwira mukumva chiyani?" Ine ndinati, "Ndikumva khoma, mayi." Anaseka mpaka kugwira bondo.

Kandalama ndatumiza ndi dalaivala wa basi yemwe uja. Mumugulire mzime nsapato zachikopa, osati zija zimatha pa teremu imodzi. Ndipo chonde bwererani m'nyumba. Anthu aziti chiyani, mwamuna anamanga chinyumba, mkazi akugona ndi mapoto?

Ndine,
Mwamuna wanu

2 Epulo

Amake mwana,

Moni wanga ulandireni. Ndamva kuti chisamba wathu ndi amuna ake anadzakuonani ndipo ali bwino, ndathokoza. Ine thupi lili bwino, mutu ndi umene ukuzungulira.

Ndiyambe ndi kugwada: munalondola ndinu. Nyumba imayankhadi.

Lachitatu Mayi Makutu anatisonkhanitsa ife a pulasitala, n'kutilowetsa m'chipinda china chachikulu, cha makoma osalala, pansi matailosi, denga kutali. Ndinangoti mumtima, apa ndiye pabalaza pathu penipeni. Akuti, "Wina aitane munthu amene amamukonda." Anzanga anangoyang'ana pansi. Wamtali, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandikankha kumsana, ine n'kupezeka ndili kutsogolo. Basi ndinakuwa: "Amake mwana!" Chipinda chija chinabweza, "mwana, mwana." Anzanga anaphulika kuseka, koma ine ayi. Ndinakuonani muli nokha pakati pa matailosi anga aja.

Kenako anatilowetsa m'chipinda china chimene anamaliza kale. Denga lake ndi lotsika, khoma limodzi ndi la matabwa, pazenera pali nsalu yokhuthala. Akuti ndiitanenso. Ndinaitana. Mawu aja sanapite kutali, anangokhala pafupi nane, ngati ndikuyankhula ndi munthu tafunda bulangete limodzi. Ndinachita manyazi, chifukwa misozi inali pafupi.

Pa nthawi yopuma ndinatsatira Mayi Makutu n'kumufotokozera za kwathu. Sanaseke. Akuti mawu ali ngati mpira: ukauponya pa chinthu cholimba ndi chosalala umabwerera, ukauponya pa chofewa umakhala pomwepo. Akutinso chipinda chilichonse chimamuuza munthu kanthu asanakhale n'komwe pansi. China chimati "takulandirani," china chimati "fulumirani muzipita." Ndinafunsa kuti nanga chathu chimati chiyani. Akuti, "Mmene mwachifotokozeramu, chimati: onani mwini wanga."

Ndiye tamverani. Muitane kalipentala wa pafupi ndi chigayo uja, mumuonetse kalatayi. Aike siling'i pabalaza ndi kuchipinda kwathu, yotsika, munthu wamtali ataimika mkono aziikhudza. Khoma la kumbuyo kwa mipando alikute ndi matabwa. Inu mugule makatani olemera, osati tinsalu toonekera tija. Pa matailosi muyalepo mikeka, ngakhale mtima wanga ukuwawa kuwabisa. Akakuuzani mtengo musavomere tsiku lomwelo, ameneyo amayamba ndi kumwamba.

Wamtali sabata ino sakupita ku ntchito. Za iye ndidzakuuzani pamaso, si zolemba.

Musapite kwa amayi. Ndipatseni mpata, nyumbayo ndiitseka pakamwa.

Ndine,
Mwamuna wanu

11 Meyi

Amake mwana,

Muli bwanji kumeneko? Apongozi mwendo uja uli bwanji? Kuno kwayamba kuzizira, koma ndikulimba.

Mtima wanga unakhala pansi nditamva kuti siling'i yatha ndipo mwabwerera kuchipinda kwathu. Mukuti pabalaza pasiya mwano, patsala kolido. Nayo tithana nayo. Kalipentala akhomeko mashelefu mbali imodzi, muikemo chilichonse: mabuku akale a ana, zovala, madengu. Musasiye khoma lamaliseche.

Koma ndikagona ndimangoganiza zina. Penti yoyera ija ichoke. Mayi Makutu akuti penti yotero ndi ya kuchipatala, imamuchititsa munthu kudzimva ngati akudikira kuitanidwa dzina. Mugule yofiirira pang'ono, ngati mkaka wothira tiyi. Zenera la kuchipinda kwathu nalonso ndinalikweza kwambiri poopa akuba, moti munthu atakhala pabedi amangoona mitambo. Kuno mazenera onse tawatsitsa kuti nkhalamba ikhale pampando izionabe anthu akudutsa. Mmisiri agumule mizere itatu ya njerwa. Kunja kwake mubzalepo mandimu, kuti mukatsegula m'mawa fungo lizilowa. Ndikudziwa mukuti bamboyu wapenga, mwezi watha siling'i, lero mandimu. Mwina ndapengadi. Ndikangoona chinthu kuno, miyendo imandiyabwa kufuna chifike kwathu tsiku lomwelo.

Sikuti zonse za mayiyu ndikuzivomereza. Sabata yatha tinatsala pang'ono kuyambana. Ndinapaka khoma la kolido yaikulu, losalala moti ntchentche ikanatererapo. Iye kubwera, kulisisita, akuti, "Ndi lokongola, koma likandeni." Ine! Zaka zonsezi ndikuphunzira kusalaza, lero ndikande? Akuti nkhalamba zambiri maso anafooka, zimayenda ndi dzanja pakhoma, ndiye khoma la kuchipinda chodyera likhale la timizere, la kumabafa likhale la timiyala, dzanja lizidziwa kumene likupita. Ndinakanda, koma pakamwa ndikung'ung'udza.

Ndiye pali ichi chimene chinatiseketsa tonse. Atatha kutivutitsa ndi matabwa ndi nsalu kuti nyumba ikhale chete, watiuza tisiye chibowo pamwamba pa khoma la khitchini, choloza ku kolido ya zipinda zogona. Akuti nkhalamba zizimva mbale zikugundana ndi ophika akukangana. Kapitawo anati, "Mayi, ndiye tachotseranji phokoso ngati mukulibwezanso?" Iye anangoti, "Si phokoso lonse limene ndi mdani." Za ophunzira zimavuta. Kwathu chibowo ayi, tikufuna bata.

Mwalemba kuti kalipentalayo ndi munthu wocheza. Chabwino. Koma tinamuitanira matabwa.

Ndine,
Mwamuna wanu

6 Juni

Amake mwana,

Moni. Ine ndilipo, kaya inu.

Kodi kolido imodzi imatha mwezi? Ine kuno ndapaka zipinda za mbali yonse ya kum'mawa, iye akadali pa mashelefu? Mlongo wanga anandiimbira. Akuti anadutsa kwathu n'kupeza kalipentala ali pakhonde, mwendo pa unzake, kapu ya tiyi m'manja, hamala ili pansi. Akuti tsiku linanso chimodzimodzi. Ine sindikunena kanthu. Ndikungofunsa kuti tiyi ameneyu akutha liti. Mumuuze mwezi uno ukamatha akhale atanyamula zida zake. Akakanika tipeza wina, akalipentala si iye yekha.

Musandiyankhe kuti ndayamba nsanje. Munthu ukakhala kutali, khutu limakula kuposa mutu.

Wamtali anapita. Anabwera anthu ena pa ntchito kudzafunsa mapepala otilola kukhala m'dziko muno, ndipo ake anali ndi vuto, basi n'kumutenga. Sanapatsidwe mpata ngakhale wotenga jekete lake, likadali pa msomali. Anga ali bwino pakadali pano, musayambe kulira. Chipinda chathu cha malata chija tsopano ndili ndekhamo. Ndinkadandaula kuti mkonono wake umagwedeza denga, koma dzulo ndinadzipeza ndikufunsa jekete lija ngati lathira kale mchere m'ndiwo.

Kapitawo akuti tikamaliza kuno pali ntchito ina yaikulu, ya zaka ziwiri, ndipo akufuna anditenge. Sindinayankhe.

Penti mwagula?

Ndine,
Mwamuna wanu

20 Julaye

Amake mwana wanga,

Ndikulemba ndi mtima woyera. Ndikhulupirira muli bwino monga ndinakumverani Loweruka. Mzime ndamva wakhoza bwino mayeso, mumuuze bambo ake anavina pa nsanja mpaka kapitawo kukuwa.

Koma zinatheka! Mmene munaika foni patebulo paja n'kuwomba m'manja monga ndinakupemphani, ine kuno ndinatseka maso ngati Mayi Makutu. Phwa! Basi. Palibe chinabwerera. Munapita ku kolido, phwa! Zii. Ndinakuuzani kuti mutsokomole, munatsokomola, nyumba inangokhala duu ngati mwana wolangidwa. Amake mwana, ndinanyadira kuposa tsiku limene tinakhoma malata. Ndinauza aliyense pa ntchito. Ndinamuuzanso Mayi Makutu, iye n'kufunsa kuti, "Nanga akazi anu akuti bwanji?" Ndinati akusangalala, nanga n'kulekeranji.

Za kalipentala zija tiziiwale. Wamaliza, wapita, ntchito yake ndi yabwino. Mlongo wanga nayenso pakamwa pake mumapadziwa.

Tsopano nkhani ndi iyi. Ntchito ya zaka ziwiri ija ndavomera. Ndikudziwa ndinalonjeza kuti chaka chino ndi chomaliza, koma taganizani: mzime akufunika kupitiriza sukulu, mpanda sitinamange, ndipo nyumba tsopano ili bwino, mukhoza kukhalamo mwamtendere. Ntchito ikapezeka sukana, mawa sadziwika. Ndidzabwera kudzakuonani ikangoyamba kuyenda bwino.

Chinthu chimodzi chokha. Pa foni paja, nditatha kukuwa ndi chimwemwe, inu munangoti, "Eya, yasiya." Mawu anu anali ngati a munthu wonena za maliro a kutali. Mwina munatopa ndi fungo la penti. Muzitsegula zenera latsopano lija. Mandimu aphuka?

Ndine,
Mwamuna wanu wokukondani

17 Ogasiti

Amake mwana,

Ndikufunsa za moyo wanu koma sindikudziwa ngati mukuwerenga. Dalaivala akuti kalata yapita ija anakupatsani m'manja. Foni yanu imangoitana. Ndakwiya, ndaleka, ndayambanso kuda nkhawa, ndakwiyanso. Kodi ndalakwanji? Munadandaula za nyumba, nyumba ndakonza. Mukufuna ndichitenso chiyani, ndiigwetse?

Dzulo mlongo wanga wandiuza kuti nyumba ndi yokhoma, makatani otseka, mandimu afota, inu muli kwa amayi. Ndinamufunsa kawiri ngati anaona bwino. Ndiye zonse zija zinali za chiyani? Matabwa, penti, kugumula zenera? Anthu a lendi ndi amene adzamve kukoma kwake?

Kuntchito manja akugwira koma mutu kulibe. Lachiwiri ndinapaka khoma lonse ndi matope osasakaniza bwino, linagwa lokha ngati chikhanambo. Kapitawo anangoti ndiyambirenso.

Nkhalamba zayamba kufika mbali imene tinamaliza, ife tikutsiriza mbali inayo. Zipinda zawo ndi zabwino zedi, zofunda, za bata, dzuwa limalowa mpaka pabedi. Koma pali mdala wina woonda, wovala chipewa ngakhale m'nyumba, amene sakhala m'chipinda chake. M'mawa uliwonse amakoka mpando wake, gwe gwe gwe, dzanja lina pakhoma langa la timizere, mpaka pansi pa chibowo cha khitchini chija. Amakhala pamenepo tsiku lonse. Ndinamufunsa kuti, "Agogo, chipinda chabwino chija mwachisiyiranji?" Anandigwira mkono, akuti, "Khala chete, akukangana za anyezi." Ndipo nkhope yake inali ya munthu amene akudya chinthu chokoma.

Sindikudziwa chifukwa chake ndakulemberani zimenezi. Yankhani foni, chonde.

Ndine,
Mwamuna wanu

8 Seputembala

Amake mwana,

Moni, ndipo apongozi muwathokoze pondibwereka khutu lanu pa foni yawo. Akanapanda iwo kukukakamizani, bwenzi mpaka lero ndikuyankhula ndi jekete la Wamtali. Chifuwa chija chikadalipo. Sindinakuuzeni zonse za icho, mudzachimva nokha.

Mawu anu aja ndawabwereza mpaka ndawaloweza. Munati, "Nyumba yanu yakhala bwino, bambo. Siyankhanso. Kale ndikatsokomola pamakhala wina wotsokomola nane. Ndinkachita naye mantha, koma analipo." Munatinso kalipentala munkamuchedwetsa dala ndi tiyi, osati chifukwa cha nkhope yake, koma kuti hamala izimvekabe m'nyumba. Ndipo tsiku limene ananyamula zida zake, munaima pabalaza n'kuitana dzina langa, mawu n'kungolowa m'makatani osatulukanso. Kenako kalata yanga ya zaka ziwiri n'kufika.

Ndinalira, amake mwana. Ndinakhala pa thumba la simenti n'kulira ngati mwana, anzanga n'kumayesa kwagwa maliro.

Nditapukuta m'maso mkwiyo unabwera, ndipo ndinapita nawo kwa Mayi Makutu. Ndinamupeza akusisita chitseko. Ndinati, "Mayi, nzeru zanu zandithamangitsira mkazi. Ndachita zonse munanena, nyumba yakhala chete, iye wathawa. Tsopano ndiuzeni, ndichotse chiyani, ndiwonjezere chiyani? Kapena ndiboole chibowo ngati chanu chija?"

Anasiya kusisita chitseko. Akuti, "Chibowocho chiloze kuti? Kuseri kwake kuli ndani?"

Ndinati kuli khitchini.

"Mukhitchinimo mumaphika ndani akazi anu akakhala pabalaza?"

Ndinati palibe.

Akuti, "Bambo, tsiku loyamba lija ndinalakwa, sindinakufunseni funso limene ndimayamba nalo nyumba iliyonse: mudzakhala anthu angati? Ine mawu obwerera ndimatha kuwachotsa. Koma woyankha sindijambula."

Walira mvula walira matope. Ndinafuna bata, ndalipeza, ndipo ndinakutsekeranimo nokha.

Dzulo ndamuuza kapitawo kuti ntchito ya zaka ziwiri ija apatse wina. Anandinena kuti ndine chitsiru, kuti malo anga alowapo munthu dzuwa lisanalowe, ndipo ndi mmene mapepala akuvutiramu ndikatuluka ndisadzaganize zobwereranso. Zonsezo ndi zoona. Mpanda sitimanga chaka chino, ndipo za sukulu ya mzime tidzakhala pansi tione, makoma ofuna pulasitala kwathuko aliponso. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Koma ndikangomaliza khoma lomaliza la mbali ino, kumapeto kwa mwezi, ndikukwera basi ya dalaivala wathu yemwe uja, ulendo uno osati kalata.

Sindikukulamulani kuti mubwerere kunyumba, malangizo anga akukwanani. Ndikungopempha. Tsiku limene dalaivala adzakuuzeni, mudzatenge kiyi, mukatsegule. Makatani musachotse, mikeka isiyeni pomwepo, mandimu muwathirireko madzi mwina adzuka. Ine ndidzalowera khomo la kuseri, ndikaike ketulo pamoto, ndizikagwetsa masipuni monga mwa chizolowezi changa.

Inu mudzaime pabalaza, mudzaitane kamodzi kokha.

Ndine,
Mwamuna wanu, amene adzayankhe